Komputadolo Kuchipinda kwa Apongozi

Lolemba

Andiletsa kulankhula. Ine! Dotolo wa ku Ulongwe wandiunika kukhosi ndi katochi, ati muli kachotupa, Lolemba likubwerali ndipite ku Tete akandicheke. Ati mawu akhoza kubwerera onse, akhoza kubwerera theka, akhoza osabwerera. Akunena zimenezi ngati munthu wouza mnzake kuti mawa kugwa mvula. Mpaka tsikulo ndizilankhula ola limodzi pa tsiku basi, kwinako ndikhale duu ngati chitsa.

Ndiye ndagula kope ndi kaneta yolembera, mawu asandiwolere m'mimba. Zilembozi ndinazitola ndili wamkulu kale, kumsasa wa othawa nkhondo ku Dedza, choncho zikuyenda ngati ngolo ya ng'ombe imodzi. Zilibe kanthu, wowerenga ndine ndemwe.

Masiku asanu ndi awiri, maola asanu ndi awiri.

Chondisowetsa mtendere ndi nthano ya malemu malume, ya mkazi amene anakwatiwa ndi Chifunga. Zinazo ndazikamba pachigayo, pamowa, pokolola kachewere, mpaka anthu amazidziwa kuposa Atate Athu. Iyi yokha ndinaisunga. Ndi yaitali, ili ndi nyimbo zitatu, ndipo ndinkati ndidzaikamba tsiku labwino. Mawu ake ndingalembe m'kope muno. Nanga nyimbo mungailembe bwanji?

Mwana wanga Rosária ati: "Ababa, tingojambula pa foni yanga." Pa foni! Foni za pakhomo pano ndikuzidziwa mbiri yake:
ina inagwera m'chimbudzi,
ina inabedwa pamsika wa Ulongwe,
ina inapondedwa ndi ng'ombe,
ina ilipo koma imangolira yokha pa Misa.
Nthano ya malume ikhale m'zimenezo? Ine ndili ndi komputadolo! Anandipatsa ku ofesi kumene ndinali gwarda, mlonda wa pachipata, tsiku lopuma ntchito, iwo atagula zatsopano. Yakhala pabalaza zaka zonsezi, nsalu yoluka pamwamba, sinayatsidwepo n'kamodzi komwe. Alendo amaipatsa ulemu.

Akamwini anga a Celestino, amuna a Rosária, ndi pulofesolo, mphunzitsi wa pasukulu, ndipo amadziwa za makina. Ati angaisandutse serevidolo. Ndafunsa kuti n'chiyani. Ati ndi nkhokwe: mawu amakhala mmenemo, foni zonse za pakhomo zimabwera kudzatapa, nkhokweyo osatha komanso osachoka pabwalo. Eya, imeneyo ndiye nzeru.

Koma taonani zimene achita. Achotsa galasi. Achotsa thabwa la zilembo. "Serevidolo siifuna zimenezi, bambo." Chatsala ndi chibokosi chotuwa chopanda nkhope. Alendo aziona chiyani?

Atsegula m'mimba mwake: fumbi, mphemvu zouma, singano zitatu, ndi mbewu ya mpiru yokulunga m'pepala. Amayi akunyumba aNangozo, osachita n'komwe manyazi: "Munali mouma, makoswe salowamo."

Kenako nkhani ya tomada, pobayira magetsi. Ya pabalaza inapsa m'dzinja. Yotsala ndi imodzi, kuchipinda kwathu. Mkamwini kulowa kuchipinda kwa apongozi? Tonse tayang'ana pansi. Akamwini ati ndiye aitengere kwawo. Ndakana. Komputadolo yanga ikakhale kwa mkamwini, ine ndizikapempha mawu anga ndi odi? Takangana, takangana. Rosária waloza wotchi.

Ola latha. Nthano ngakhale mchira wake sunaoneke.

Lachiwiri

Chibokosi chalowa kuchipinda, tanyamula ine ndi Rosária. Akamwini aima panja pazenera, nkhope kumunda, msana kwa ife, chifukwa aNangozo akana kutuluka. Ati ayenera kuona zinthu zawo. Akhala kuseri kwa chitseko, nawonso nkhope kukhoma. Anthu awiri opatsana ulemu, pakati pawo ine ndi mawaya.

"Bambo, kanyali kakuyaka bwanji?"

Ndawafotokozera bwinobwino. Kakuphethira, koma osati mwamantha ayi, kakuphethira ngati mmene ankachitira katekista wina wa ku Domwe akafunsidwa funso lomukulira. Ndangoyamba kunena za katekistayo, iwo: "Kobiriwira kapena kachikasu, bambo?" Anthu a sukulu! Munthu ukuwapatsa mbuzi yonse, iwo akufuna khutu lokha.

Waya wabuluu ndabaya pamene anena. Ati si pamenepo. Ndabaya pena. Ati ndibwerere poyamba paja. Ati ndipanikize kabatani ndiwerenge mpaka khumi. Ndawerenga mokweza, ndi mawu anga owerengekawa, katatu konse.

Ndiye pali uthenga wa anthu awiri aja. Akumvana bwinobwino, atalikirana mapazi atatu, koma zonse zidutse mwa ine.
"Auzeni akamwini kuti akuponda anyezi wanga."
Ndawauza.
"Auzeni amayi kuti pepani."
Ndawauza.
"Auzeni kuti pepani sadzutsa anyezi."
Ndawauza!
Abale inu, dotolo anandipatsa ola loti ndisiye chuma cha malume, ine ndikulithera pa anyezi.

Pomaliza chibokosi chadzuka. Chikulira ngati njuchi m'mphanga, chikutulutsa kamphepo kofunda kumbuyo. Pazenera aika kabokosi kena ka nyanga ziwiri, ati ndiko koitana mafoni. Ati kuyambira lero azichilamula ali kunyumba kwawo, sadzafikanso pazenera. Ndipo chisazimitsidwe, usana ndi usiku, chifukwa disiku yake, kambale kosunga mawu m'katimo, ndi yokalamba: ikagona mwadzidzidzi mwina siingadzuke. Ndawauza kuti zimenezo n'zathu tonse okalamba.

Maola awiri apita. Atsala asanu. Akukwana.

Lachitatu

ANangozo adzuka ndi nkhope yotupa. Ati sanagone, njuchi zija, ndiponso kanyali kankawayang'ana. Aphimba kanyaliko ndi duku. Sindinayankhe, ndikusunga mawu.

Lero ndiye tsiku. Akamwini abwera ndi foni yakale ya Rosária, yong'ambika galasi. Ati iyo siisunga kanthu, yangokhala ngati khutu, mawu akalowa akupita molunjika kunkhokwe. Koma ati pakhale bata. Bata lenileni. Ndiye:
nkhuku zatsekeredwa,
mbuzi yamangidwa kudambo,
aNangozo awatumiza kocheza,
wotchi ya pakhoma aichotsa mwala.
Ine pabalaza ndekha, chitseko chotseka, foni yayedzamira chitini cha mchere.

Ndakhosomola. Ndakhala bwino. "Padangotero..."

Zii.

Ndadikira. Ndabwerezanso. Zii. Palibe woti "tili tonse". Foni yangondiyang'ana ndi galasi lake long'ambika ngati munthu wosamva Chinyanja.

Nthano ndi kucheka matabwa m'dzenje, wina pamwamba wina pansi. Ukakoka, mnzako akoke. Wekha sowo imangopindika. Ndayesa kudziyankha ndekha, mawu aakulu kufunsa, mawu aang'ono kuyankha. Ndadzimva ngati wamisala wa pa siteji ya shapa, maminibasi athu aja. Ndipo chochititsa manyazi: dzina la mkazi wa m'nthanomo landithawa. Dzina limene ndaligwira m'mutu chiyambire unyamata wanga, nkhondo osaliwombera, njala osalidya, lero lathawa chifukwa cha chitini cha mchere!

Akamwini abwera, andiikira kuti ndimve zimene zalowa m'nkhokwe:
"padangotero", kasanu;
chifuwa;
mpando kulira;
tambala mmodzi amene anathawa m'khola;
ine kutukwana foni.

Iwo akumwetulira. "Mawu akumveka bwino kwambiri, bambo. Makina akugwira."

Makina akugwira!

Dzina lija landibwerera ndikusamba m'manja. Ndalilemba pachikuto cha kope, lisathawenso.

Lachinayi

Bata lawo akhale nalo. Lero ndaitana anthu: aNangozo pamphasa, Rosária pampando. Ndawauza ndi manja kuti ntchito yawo ndi kuyankha basi.

Kulakwa kwanga n'kumodzi. Ndati khosi liyambe latenthedwa ndi kankhani kakafupi tisanafike kwa Chifunga. Ndasankha ya chitseko. Aliyense amaidziwa: pothawa nkhondo ndinazula chitseko cha mlombwa chimene anapala malume, ndinachisenza pamutu kudutsa m'mapiri mpaka ku Dedza. Kumsasa chinali bedi, chinali tebulo, ndipo mtendere utabwera chinabwerera nafe. Ndi chomwechi chili kuchipinda kwathuchi. Nkhaniyi ndaikamba kosawerengeka, anthu amagwira pakamwa.

Ndafika pamene ndikuwoloka mtsinje, madzi m'chiuno, chitseko pamutu. ANangozo, m'malo moyankha:

"Iyayi. Chitseko munasenza mpaka pamtsinje basi. Kuchokera pamenepo ndinasenza ndine, mwana kumbuyo. Inu munanyamula bakha."

Bakha!

Zaka zonsezi akhala akumva nkhaniyi ali chete. Lero, pamene makina atchera khutu, ndiye akumbukira bakha. Ndafunsa chifukwa chake. Ati: "Kale zinkapita ndi mphepo. Nanga si mwati izi zikhala mpaka adzukulu a adzukulu?"

Ndafotokoza kuti khosi linandigwira. Ati khosi la yani silinagwire. Ndafotokoza kuti bakhayo anali wamkulu, wolusa, ankandimenya ndi mapiko, ndipo akanalira asilikali akanatimva, choncho womugwira mlomo ndiye anapulumutsa banja lonse. Rosária wagwa pampando ndi kuseka. ANangozo ati bakhayo anagona njira yonse. Ndatchula mboni. Onse anamwalira. Iwonso atchula zawo. Mmodzi ali moyo, ali ku Kalomwe, amasintha ndalama pamalire.

Takokana mpaka Rosária wanyamula wotchi n'kuiika pamaso panga.

Ndalembera akamwini kapepala: ZA LERO MUFUFUTE. Ayankha kuti mawa, lero ali ndi mapepala a mayeso.

Atsala atatu.

Lachisanu

Ndatuluka m'mawa kukaona kachewere kumunda. Mayi wina wa tomato pamsewu wagwada bwinobwino, mwaulemu wonse: "Mwadzuka bwanji agogo? Nanga bakha wadzuka bwanji?"

Ndangopitirira kumunda, osacheuka.

Pobwera ndapeza anthu kuseri kwa nyumba yanga. Kuseri! Pazenera la kuchipinda, pamene ngakhale mkamwini wanga amaima chofulatira. Atsamira khoma, mafoni m'mwamba ngati akuombeza mvula. Anyezi wa aNangozo watha, wasanduka bwalo.

Nkhani yake nayi. Kuti foni ilowe m'nkhokwe pamafunika mawu achinsinsi, senya. Akamwini anapatsa Rosária. Rosária anapatsa mnzake mmodzi wa kukwaya, mmodzi yekha. Kwaya yathu ili ndi pakamwa pamodzi koma makutu mudzi wonse.

Ndipo sakungotapa ayi, akuthiramonso zawo, poti mafoni awo adzaza:
ukwati wa munthu amene sindimudziwa, maola atatu;
mpira;
kwaya ikuphunzira nyimbo imodzimodzi kasanu ndi kawiri;
zithunzi za matumba a kachewere, thumba lililonse chithunzi chake;
ng'ombe ya wina ikubereka.
Akamwini abwera kuchokera kusukulu, ati nkhokwe yadzaza, mulibe malo ngakhale a chifuwa changa. M'komputadolo yanga! Nthano ya malume ikusowa pogona chifukwa cha ng'ombe ya eni!

Ndatenga mpini. Sindinamenye munthu, koma ndalankhula. Ndawauza za makolo awo, mmodzimmodzi, kuyambira amene anabwera ndi Angoni mpaka amene anaba nkhumba ya ku mishoni. Athawa akuseka. Wina pothawa walira ngati bakha.

Ola lonse lapita pamenepo, ndipo khosi likuyaka ngati ndameza khala.

Akamwini asintha senya, atulutsa zinyalala zonse, afufutanso za dzulo. Ndapuma. Kenako awonjeza, maso pansi: "Koma amene anatapa kale ali nazo m'mafoni mwawo, bambo." Ati dalaivala wa shapa ya ku Domwe akuwaikira apaulendo pa sipika.

Nkhani imene ndaikonza moyo wanga wonse sinapitirirepo pachigayo. Bakha tsiku limodzi wafika ku Domwe.

ANangozo sindikuwalankhula. Sakudziwa, akuyesa ndikusunga mawu.

Loweruka

Lero palibe kutenthetsa khosi, palibe kwaya, palibe wolowa pabwalo. Rosária wakhala pachipata akusankha kachewere wa mbewu, ali ndi mpini uja pambali.

Pabalaza pakuzizira, mphepo ya mwezi uno ikulowa pansi pa chitseko. ANangozo ati tikakhale kuchipinda, iwo azisita malaya anga oyera a ulendo uku akumvera. Abwereka nsimbi yamagetsi ya Rosária, ati yamakala imasiya phulusa, sakufuna anthu a ku Tete aziti ndilibe mkazi. Ndakhala pabedi, foni pamtsamiro, ndafulatira zonse kuti ndiziona phiri pazenera.

"Padangotero..."

"Tili tonse."

Ha! Mmene ayankhira aNangozo, ngati kale tili achinyamata. Nthano yangotseguka yokha. Chifunga watsika phiri kudzafunsira mbeta, wopanda mapazi, makolo a mkazi akusowa pomupatsa mpando. Nyimbo yoyamba ndaiyamba ndi mantha, khosi lalola. ANangozo avomera, kachiwiri kokha aigwira. Yachiwiri, ya mkazi akusinja m'nyumba yosaoneka makoma, tayimba mpaka nsimbi yaima. Yachitatu ndi ija ya pamene dzuwa likutuluka, mwamuna akusungunuka pang'onopang'ono, mkazi akuyesa kumukulunga m'chitenje. Imakwera pamwamba kwambiri, malume ankaimirira poyimba. Ndaimirira. Ndafika pamwamba pake, khosi likung'ambika, koma ndafika. ANangozo sanavomere imeneyi. Anali akupukuta m'maso ndi malaya anga omwe asita.

Sanandikonze ngakhale liwu limodzi.

Ndakhala pansi, mtima mbee. Ndati malume, ndatula.

Ndiye pazenera, msana wa akamwini: "Bambo, pepani. Kodi makina azima? Kwanga sakuoneka chiyambire masana."

Ndatembenuka. M'chipinda muli zii, njuchi kulibe. Patomada pali chingwe cha nsimbi. Chingwe cha komputadolo chili pansi, chapindidwa bwinobwino, mwaulemu.

ANangozo: "Nanga ndikanabaya pati? Tomada ndi imodzi. Inu simumajambula pa foni kodi?"

Ndafotokoza za khutu ndi nkhokwe. Ndafotokoza mokweza. Sindikumbukira zonse zimene ndanena, koma nkhuku zathawa pabwalo. Ndabaya chingwe, ndapanikiza kabatani. Chibokosi changoti ke, ke, ke, ngati nkhuku yotsamwa, kenako phee. Akamwini ati ndiyesenso. Ke, ke, ke. Ati ndi disiku ija. Ati pepani. ANangozo ati ndiwauze akamwini kuti iwo sanauzidwe. Akamwini ati ndiwauze amayi kuti ananena Lachiwiri. Sindinauze aliyense.

Rosária wafika pakhomo, watsegula pakamwa kuti anene za foni yake ija ya Lolemba. Ndamuyang'ana. Watseka.

Lamulungu

Ndadzuka, ndati ndipereke moni. Kwatuluka mphepo yokha. Ndamwa madzi otentha a mandimu, ndayesanso. Kanong'onong'o, ngati munthu woulula machimo. Ola la lero lilipo, wotchi ikuyenda, koma mwini wake palibe.

Ku Misa ndangogwedeza milomo. Potuluka anthu andipatsa moni wa ulendo, ena andigwira dzanja nthawi yaitali. Za bakha watchula mmodzi yekha, mkazi wake wamutsina.

Akamwini atenga chibokosi, Rosária wawatulutsira pakhomo. Ati akafunafuna disiku ina kwa anzawo, pobwera ine ndidzapeza zonse zili bwino. Ndagwedeza mutu. Munthuyu wayesetsa, waima pa mphepo masiku onsewa chofulatira. Galasi ndi thabwa la zilembo azibweza pabalaza, nsalu yoluka pamwamba. Alendo sadzadziwa kuti m'mimba mulibe.

ANangozo akulongedza chikwama akung'ung'udza. Ndatchera khutu. Nyimbo yoyamba aigwira yonse. Yachiwiri akuipotoza pakati, akuikokera ku nyimbo za kutchalitchi. Ndamenya patebulo ndi kaneta, abwerera, apotozanso. Yachitatu ndawalembera papepala kuti ayese. Ati: "Imeneyo sindinaimve bwino, ndinali ndi chimfine." Chimfine!

Basi. Nthanoyo ndiilemba m'kope muno ndili pabedi la ku Tete, masamba alipo. Nyimbo ziwiri zatsala pakhomo, imodzi yolumala. Yachitatu ikwera nane shapa mawa. Ikabwerako, ibwerako.

Masana Rosária wakhala pafupi nane, foni m'manja, ati kodi afufute za bakha zija, nayenso anatapa. Ndamuuza ndi dzanja kuti ayambe wandiikira ndimve. Sindinadzimvepo ndikulankhula ndi anthu. Kodi mawu anga ndi otero? Aakulu, okoma ndithu, akukwera ndi kutsika, ndipo pamene ndikunena za mapiko a bakha ndikumveka ngati ndikunena zoona. Kumbuyo mwana wanga akuseka mpaka kutsamwa, amayi ake akudula mawu anga ngati mpeni. Tamvera mpaka kumapeto.

Ndalemba papepala: USAFUFUTE.

Ngati ndibwerako wopanda mawu, obadwa m'tsogolo adzandidziwa ngati agogo amene anagonja pa mlandu wa chitseko. Chabwino. Koma adzamva okha kuti sindinagonje mwakachetechete.

Shapa inyamuka m'mamawa. Kobradolo wake, wotolera ndalama uja, ndimamudziwa, amakonda kukankhira okalamba kumpando wakumbuyo, pamwamba pa matumba. Zoti ndidzamuyankhe ndalemba kale, masamba awiri, zilembo zikuluzikulu. ANangozo avomera kuti adzamuwerengera mokweza.